Ulusi Wakuda wa Atelala

Mumsewu wonse uja panalibe amene ankamuitana dzina lake lenileni. Ankangoti Wakuseri, poti n'kumene ankakhala, kuseri kwa katani wobiriwira m'shopu ya atelala, bambo ake. Amayi ambiri amene akuvala madiresi okhala bwino m'chiuno anayezedwa ndi manja ake. Koma mukanawafunsa kuti Wakuseri amayenda bwanji panjira, akanakuyang'anani kukamwa. Panalibe anamuonapo panjira.

Shopuyo inali ya zipinda ziwiri. Kutsogolo kunali makina opalasa ndi phazi, simbi, tebulo lodulirapo nsalu, ndi sizasi yaikulu ya zigwiriro zakuda imene atelala sankalola munthu kuikhudza. Kuseri kunali bedi, mphasa, kampando ndi chitini cha mabatani. Kupitirira apo kabwalo ka mpanda wa njerwa, mpopi ndi chimbudzi, kopanda geti. Dziko la Wakuseri linkathera pamenepo.

Ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, amayi ake anathawa ndi bambo wina woyendetsa lole amene anangobwera kudzasoketsa zipi ya buluku. Zipi yokha, abale, banja n'kutha. Atelala sanalire, sanayambe mowa, sanakwatirenso. Anangomuyang'ana mwanayo kumiyendo n'kunena kuti, "Mapazi akowa ndi a amako." Sabata yomweyo anamusiyitsa sukulu.

Loko sankaika, ankati loko amafunsitsa anthu mafunso. Anakhoma timisomali tiwiri panja, kena pachitseko kena pafelemu. Akamapita kukagula nsalu kapena kutchalitchi ankatseka, n'kumanga ulusi wakuda pa timisomalito. Ulusi wamba wosokera. Chitseko chikangotsekulidwa, ulusi unkaduka.

Unaduka kamodzi kokha. Mwanayo anali ndi zaka khumi ndi chimodzi, mvula inayamba, ndipo diresi ya kasitomala inali itapachikidwa pakhonde. Anatsekula, anaitenga, n'kutseka. Atelala atabwera sanamve za diresi. Ndodo sanatenge, poti makoma a shopu ndi opyapyala ndipo iwo anali mkulu wa mpingo. Anamutambasula mkono patebulo, anachotsa phini pakamwa pawo, n'kuyamba kumubaya kuchokera padzanja mpaka pachigongono, mzere wowongoka, mipata yofanana, monga amachitira popinda m'munsi mwa siketi.

"Ukalira tiyambiranso," anatero. "M'mera mpoyamba."

Kuyambira tsiku limenelo phini ndiye anali ndodo ya m'nyumbamo. Kusuzumira pawindo, phini. Kuyankha mwamuna amene wapereka moni, phini. Ndipo anthu ankawatama atelala. Amayi akamakalipira ana awo aakazi ankati, "Bwanji osakhala ngati mwana wa atelala, amene sadziwa ndi kumsika komwe?" Mulungu atikhululukire, tinkaombera m'manja ndende.

Anakula choncho, akusoka mabatani, akupinda masiketi, akuyeza amayi kuseri kwa katani. Dziko ankalimva pazovala za anthu. Uyu akununkha basi, uyu chipatala, uyu utsi wa kumsika. Amayi akavula amamasuka pakamwa, ndiye ankamva za amuna awo, za apongozi, za ana osamva.

"Wakuseri, tepi yakoyi ikunama. Ine sindinanenepe chonchi."

"Tepi sinama, amayi," ankayankha pansipansi, maso ali pa manambala.

Khomo loyandikana nalo linali saluni. Mwini wake anali mayi wamkulu thupi, wa mawu ngati wailesi, amene aliyense ankangoti amayi a saluni. Tsiku lina anapempha kuti, "Atelala, tabwereketsani mwanayu ola limodzi ndimuluke, mutu ukuoneka ngati chisa."

"Tsitsi limakula ngakhale m'nyumba," anayankha atelala osaimitsa makina.

Wakuseri ali ndi zaka makumi atatu ndi zitatu, atelala anagwa pamakina m'mawa wina. Sitiroko. Amayi a saluni anaitana amuna, anawanyamula kupita nawo kuchipatala. Chitseko chinatsala chosatseka, ulusi panalibe, koma Wakuseri anaima pakhomo ngati pali mtsinje. Masiku asanu ndi limodzi anakhala yekha m'menemo, amayi a saluni akuchita kumupatsira buledi pakhomo.

Atelala anabwera mbali ya kumanja itafa, kamwa litapotoka. Mawu onse anatha, anatsala ndi amodzi okha: "Iwe." Anawagoneka pabedi kuseri, ndipo Wakuseri anakhala pamakina kutsogolo, chifukwa pakamwa pafunika kudya.

Amayi a kumpingo atabwera kudzapemphera, mmodzi anati, "Popeza sangathe kuitana, amangirireni kachingwe kudzanja lamoyoli, akafuna kanthu azikukoka." Ananena ndi mtima wabwino. Wakuseri anatenga ulusi wakuda uja, anaupinda kanayi kuti ulimbe, uku anamanga kudzanja la bambo ake, uku kudzanja lake. Atelala anabuula, akuyang'ana ulusiwo, mpaka iye anaufupikitsa. Anabuulanso, anaufupikitsanso. Anasiya kubuula ulusi utafika pamakina ndi patebulo, koma osafika pakhomo.

Ndiye kukoka kunayamba. Akafuna madzi, kukoka. Akafuna chikho chokodzera, kukoka. Zimenezo iye sankadandaula nazo, ndi bambo ake. Koma kasitomala akakhalitsa pang'ono, kukoka. Mwamuna akapereka moni pakhomo, kukoka. Akathamangira kuseri ankawapeza sakufuna kanthu, akungomuyang'ana ndi diso lija lomwe.

Tsiku lina amayi a saluni anaima pakhomo akusimba za kasitomala amene wigi yake inatsalira pachitseko cha basi. Wakuseri anaseka, kuseka kwenikweni kotulutsa mawu, mpaka anadzidabwa yekha. Ulusi unakokedwa kamodzi, kawiri, kachitatu mwamphamvu mpaka unamucheka khungu. Analowa kuseri maphini ali pakamwa, poti ankapinda diresi.

"Mukufuna chiyani, ababa?"

"Iwe."

"Madzi?"

"Iwe."

Dzanja lake linapita lokha pakamwa, linatenga phini, n'kuwabaya pamkono wamoyo uja. Kamodzi. Atelala anadzidzimuka. Ndipo chimene chinamuopsa Wakuseri si kadontho ka magazi ayi. Chinamuopsa n'chakuti mtima wake unati myaa, ngati munthu waludzu amene wamwa madzi.

Anagwada pampopi kuseri, analira, anapempha kuti, "Ambuye, ndimangeni manja." Anaika maphini onse m'chitini n'kuchikweza pamwamba pa kabati. Koma telala wopanda maphini angasoke bwanji? Mawa lake anachitsitsa. Sabata yotsatira anawabaya katatu. Ina ija unali mzere, padzanja mpaka pachigongono, mipata yofanana. Sankachita kuganiza. Manja anali ataphunzira kale.

Anayamba kudziopa. Akamadula buledi ankaika mpeni kutali akangomaliza. Akamawamwetsa phala ankayang'ana kukhoma. Choipitsitsa chinali Loweruka, tsiku lowameta ndevu. Akapaka sopo n'kuika lezala pakhosi pawo, ankaona mtsempha ukugunda pansi pa khungu, gu, gu, gu, ndipo m'makutu mwake munkalira ngati makina. Loweruka lina anangoika lezala pansi, sopo n'kuumira pankhope. Masabata atatu ndevu zinakula ngati tchire.

Anthu ankalowa, ankatuluka, osaona kanthu. Amayi a kumpingo ankamusisita pamsana. "Mwana wodalitsika, wina akanathawa kale." Iye ankangoti zikomo, manja atawabisa m'kati mwa nsalu.

Potsiriza anadikira amayi a saluni adutse, anawaitana ndi mawu aang'ono.

"Amayi, mungabwere kudzawameta ababa?"

"Ine ndimaluka akazi, mwanawe. Ndevu za madala ndinasiyana nazo tsiku limene ndinaika mwamuna wanga m'manda. Iwe manja athyoka?"

"Amanjenjemera."

Amayi a saluni anamuyang'ana, n'kupita kukatenga lezala yawo. Analowa kuseri akulankhula ngati mvula. "Atelala, mwasanduka mneneri? Taimani tikukonzeni, mwina mungapeze mkazi." Anawakulunga thaulo, anawameta. Pochotsa thaulolo, mkono wa malaya unakwera.

"Ii! Ichi n'chiyani?"

Wakuseri anagwira katani.

"Nsikidzi!" anakuwa amayi a saluni. "Zimaluma chonchi, motsatizana. Abale, madala akudyedwa amoyo! Wakuseri, teleka madzi."

Tsiku limenelo panali ntchito. Atelala anawakhazika pampando, matiresi anawatulutsa padzuwa, bedi analithira madzi owira, m'ming'alu ya khoma anathiramo mankhwala. Wakuseri ananyamula ndowa, anakolopa, osaulula kuti si nsikidzi. Anadziuza kuti mwina apa ndiye pathera, poti waona mmene zikanamuululira.

Anapirira masiku anayi osawabaya. Lachisanu atelala anakoka ulusi kuyambira m'mawa mpaka masana, ndipo mzere watsopano unabwera pambali pa wakale.

Loweruka amayi a saluni anabweranso ndi lezala. Anakweza mkono wa malaya, anayang'ana nthawi yaitali. Anaika chala pakati pa kadontho ndi kadontho, anachisuntha, anachisunthanso.

"Nsikidzi za m'nyumba muno zinapita kusukulu," anatero pang'onopang'ono. "Zikudziwa tepi."

Wakuseri anali atagwira beseni, mikono ya bulauzi atapinda. Amayi aja anatembenuka, maso awo anagwera pamkono wake. Timadontho toyera, takalekale, mizere pamwamba pa mizere. Anayang'ana mkono wa mwana, anayang'ana wa bambo.

Anameta ndevu mwakachetechete. Potuluka anamukokera pafupi ndi tebulo, pamene ulusi unkafika.

"Tamvera, mwana wanga. Mawa ndibwera kudzaona mkono uwo. Mkuja ndibweranso. Ndipo ndikutumiza uthenga kwa azakhali ako, kaya ukufuna kaya sukufuna. Wamva?"

"Ndamva."

"Kuchokera pakhomo apa kufika kusaluni ndi mapazi asanu. Ine ndingakukoke, koma ungabwerere. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko."

Ulusi unagwedezeka. Wakuseri anathamangira kuseri.

Lamlungu amayi aja anabwera, mkono unalibe chatsopano. Lolemba m'mawa anabweranso, unalibe. Koma m'kati mwa Wakuseri zinthu zinkafufuma ngati mkaka pamoto, poti tsopano ndi phini yemwe anali atamutsekera.

Lolemba lomwelo, dzuwa litakwera, anayala patebulo nsalu ya aphunzitsi ena. Miyezi yonseyi ankangokonza zong'ambika ndi kumaliza zimene bambo ake anasiya atadula. Tsopano zinatha, panafunika kudula yekha. Anajambula ndi choko, anapemphera, n'kutenga sizasi yaikulu ija. Inali yolemera kuposa mmene ankaganizira. Inayamba kuyenda bwino m'nsalu, kwee, kwee, kutsata choko. Anamva kukoma. Anali pakati pozungulira khosi la diresi.

Ulusi unakokedwa. Dzanja linagwedera, sizasi inalumpha choko n'kudya mpaka paphewa. Nsalu ya eni yawonongeka.

Unakokedwanso.

Za pakati apo sakumbukira. Sadziwa mmene anadutsira katani. Anangozindikira ali chilili pambali pa bedi, sizasi yotseka ili m'chibakera, nsonga italoza pansi, mkono uli m'mwamba. Khosi la atelala linali lometedwa bwino, mtsempha uja ukuoneka. Atelala sanachite mantha. Anayang'ana sizasi yawo m'manja mwa mwana, nkhope inachita mdima.

"Iwe," anatero. Ndipo anakoka ulusi, mwanayo ali pomwepo.

M'makutu munalira. Mkono unayamba kutsika wokha. Kuseri kwa khoma amayi a saluni anaseka ndi kasitomala, kuseka kwawo kuja kogwedeza malata, ndipo Wakuseri anamva kuti anthu ali pafupi chonchi, njerwa imodzi yokha. Anadziwa kuti akapuma kamodzi kena ali pomwepo, zichitika. Kupemphera kwa mawu kunakanika. Anangoti, "Yesu," n'kutembenuka.

Katani. Makina. Tebulo. Phazi limodzi asanafike pakhomo ulusi unakungika, unamuluma pachilonda chija. Kumbuyo bedi linalira, atelala akukoka ndi mphamvu zawo zonse. Anaima pamenepo, mkono wina uli kumbuyo ngati mbuzi yapachingwe. Kenako anayang'ana dzanja linalo. Munali sizasi. Zaka zonsezi akudula ulusi tsiku ndi tsiku, wa mabatani, wa masiketi, uwu wokha anali asanaganizepo. Anatsegula sizasi, anadula.

Panja dzuwa linamumenya m'maso. Njinga yamoto inadutsa, anakakamira khoma. Anayenda chogwira njerwa ngati mwana wophunzira kuyenda. Mapazi asanu aja kwa iye anakwana khumi.

M'saluni munali amayi atatu, wina mutu uli theka. Atamuona pakhomo onse anatembenuka.

"Ha! Kodi ali ndi miyendo?" anatero wa mutu wa theka uja.

"Tseka pakamwa," anatero amayi a saluni, maso ali pa sizasi.

Wakuseri anafika patebulo, anaika sizasi pakati pa zipeso. Zala zinakana kutseguka, anachita kuzitsegula ndi dzanja linalo.

"Amayi, si nsikidzi."

"Ndikudziwa, mwana wanga."

"Lero ndimafuna kuwabaya ndi iyi. Pakhosi. Mkono unali utakwera kale. Ndisungireni. Ndipo musandibwezere m'mo ndekha. Ndikupemphani, musandibwezere ndekha."

"Wawabaya?"

"Ayi."

Amayi a saluni anaponya sizasi m'kabati, anakhoma, kiyi anaika pachifuwa. Anamukhazika pampando wa makasitomala n'kuuza wa pakamwa uja kuti, "Mugwire dzanja, usamusiye." Anathamangira kushopu. Anawapeza atelala ali moyo, thukuta lili kamukamu, akukokabe ulusi umene unalibe munthu kumapeto.

Azakhali anafika Lachitatu. Anesi a kuchipatala chaching'ono nawonso anabwera. Wakuseri anafotokoza yekha, osabisa, anaonetsa mkono wa bambo ake ndi wake womwe. Azakhali analira. "Ndinkadziwa kuti achimwene ndi ouma mtima," anatero, "koma ndinkati za m'nyumba ya eni." Anesi sanamunyengerere. Anamuuza kuti chimene ankachita kwa munthu wosatha kudziteteza n'choipa, kaya anachiphunzira kuti, ndipo anamulembera tsiku loti azikaonana ndi alangizi.

Amayi a kumpingo ena anati ndi chiwanda, tisale kudya. Kupemphera n'kofunika ndithu, popanda Mulungu mkono uja ukanatsika. Koma tinene zoona: ngati chinali chiwanda, tinachilera tokha ndi matamando athu, zaka makumi awiri ndi zinayi. Galu womangidwa tsiku lonse timamudziwa tonse mmene amakhalira, koma mwana wa munthu tinkati ndi ulemu. Amayi a saluni ndi amene anawadula pakamwa. "Pempherani, amayi, ine ndivomera ameni. Mukamaliza mugawane masiku, ndani Lolemba, ndani Lachiwiri. Madalawa akufuna osambitsa."

Anagawana, ngakhale ena amajomba.

Pano makina ali pakona m'saluni, pafupi ndi windo. Wakuseri amagona kunyumba kwa amayi a saluni, mbali yomweyo ya msewu. Nsalu amadula pamaso pa anthu, akamaliza sizasi amabweza yekha m'kabati. Kwa bambo ake amalowa pokhapokha pali munthu wina, amawamwetsa phala, amawasintha malaya. Kuwakhululukira akuti sanafike, akupemphabe. Atelala anawapatsa supuni ndi kapu yachitsulo kuti azigogoda, ndipo azakhali amayankha ali pampando, "Ndamva, achimwene, dikirani. Pano si pa hotela."

Koma kapu ija imamveka kudutsa khoma. Ikangolira, dzanja la Wakuseri limagwedera lokha ngati lakokedwa, makina amaima, nkhope imauma. Amayi a saluni amasiya mutu wa kasitomala, amabwera kudzamuika dzanja paphewa mpaka ayambirenso kupalasa.

Msewu sanawolokebe. Madzulo dzuwa likapepa amaima m'mphepete, manja atapinda pachifuwa, kuyang'ana golosale ya tsidya linalo. Sabata yatha anaponda phazi limodzi paphula, galimoto inaliza hutala kutali, n'kulibweza.

"Mawa," anatero.

"Mawa ndi tsikunso," anayankha amayi a saluni. "Tiye ukamalize diresi ina ija ya aphunzitsi."